Ndalama za boma zofufuzira mbewu zina kupatula chimanga: zimagwira ntchito bwanji?

[Chithunzi: munda wa chimanga chofota chitangomasula ngaiyaye]

Pa 29 February 2024, Pulezidenti wa Zambia, Hakainde Hichilema, analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, ndipo ananena kuti mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa chimanga, pafupifupi 1 miliyoni anawonongeka. Kuno kum'mawa ambiri tinaona chimanga chikupsa m'munda, pamene nandolo ndi chinangwa za m'munda woyandikana nawo zinali zobiriwirabe. Kuyambira pamenepo aliyense akulankhula za kulima mbewu zosiyanasiyana, koma ndi ochepa amene amafunsa kuti mbewu yabwino ya mapira, khobwe kapena nzama idzachokera kuti, ndiponso kuti adzalipira ntchito yoipeza ndani. Nkhani yathu lero ndi imeneyo.

[Chithunzi: minda yoyeserera mbewu ya ku Msekera]

Pafupi ndi tauni ya Chipata pali malo ofufuzira zaulimi a Msekera, amene ali pansi pa bungwe la boma lofufuza zaulimi la ZARI, lomwe likulu lake lili ku Mount Makulu ku Chilanga. Mtedza wa MGV4 ndi MGV5, umene ambiri mumaudziwa, uli ndi dzina la malo amenewa, pakuti chilembo M chikuimira Msekera. Ndalama zoyendetsera ntchitoyi zimachokera mu bajeti ya Unduna wa Zaulimi, zina kwa mabungwe akunja monga ICRISAT, lofufuza mbewu za m'madera ouma, ndipo zina ndi thandizo lochita kupikisana, longa la thumba la Strategic Research Fund limene limayendetsedwa ndi bungwe la boma loona za sayansi la NSTC. Thandizo lotere si ngongole, choncho silibwezedwa. Wofufuza amalemba chimene akufuna kupeza ndi mtengo wake, akatswiri anzake amaunika pempholo, ndipo akapambana, ndalama zimabwera pang'onopang'ono malinga ndi malipoti amene akupereka.

Wina angafunse kuti, popeza makampani ogulitsa mbewu alipo ambiri, boma likulowereranji? Yankho lili m'chikhalidwe cha mbewuzo. Chimanga cha haibulidi chimafuna kuti mlimi agule mbewu yatsopano chaka chilichonse, ndiye kampani imene yawononga ndalama pochifufuza imadziwa kuti zidzabwerera. Mtedza, khobwe ndi soya sizili choncho, chifukwa mlimi akagula kamodzi amasunga mbewu m'nkhokwe, nagawirako apongozi ndi anansi, ndipo ikhoza kumutumikira zaka zingapo. Kwa mlimi zimenezi ndi zabwino, koma kwa wamalonda phindu lake ndi lochepa, ndipo nzama kapena mawere ndiye palibe n'komwe amene angaziikire ndalama zake. Boma likapanda kulipira, ntchitoyo siichitika.

[Chithunzi: manja atagwira chopanira chaching'ono pa duwa la mtedza]

Taonani mmene mtundu watsopano wa mtedza umayambira. Madzulo, wogwira ntchito amagwada pa chomera, natsegula duwa limene silinamasule, n'kuchotsamo mbali zachimuna ndi chopanira chaching'ono. M'mawa mwake amabweretsa mungu wochokera ku mtundu wina, mwina wopirira matenda a kadukutu amene amafalitsidwa ndi nsabwe, nauika pa duwalo, kenako amamangapo kaulusi kuti adzalizindikire. Mwa maluwa ambiri otere, ena okha ndiwo amabereka. Ana a mbewuzo amabzalidwa ndi kusankhidwa mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi kuti akhazikike, kenako amayesedwa m'malo osiyanasiyana, chifukwa chimene chachita bwino kumtunda kuno chikhoza kukanika m'chigwa chotentha cha Luangwa. Pomaliza bungwe la boma lovomereza mbewu la SCCI limauyesanso mtunduwo lisanalole kuti ugulitsidwe. Zonsezi zimatha zaka 8 kapena 10.

Apa ndipo pagona vuto, pakuti thandizo lochita kupikisana kawirikawiri limakhala la zaka ziwiri kapena zitatu zokha. Likatha ntchito ili pakati, mbewu zimene zinasankhidwa zimangokhala m'mapepala ake m'chipinda chosungira, ndipo mtedza, poti uli ndi mafuta ambiri, suchedwa kutaya mphamvu yomera. Ngakhale kuchedwa kwa miyezi itatu n'koopsa, chifukwa mvula ya kwathu imagwa nyengo imodzi pa chaka, ndipo ndalama zofunika mu November zikafika mu February, chaka chathunthu chapita. Ife tikuona kuti ndalama zochepa zobwera pa nthawi yake chaka ndi chaka zimaposa zambiri zobwera kamodzi ndi chikondwerero.

Mu 2003, ku Maputo, atsogoleri a mayiko a mu Africa anagwirizana zoika magawo 10 pa 100 alionse a bajeti ku ulimi. Komabe kuno kwathu, kwa zaka zambiri, gawo lalikulu la ndalama za Unduna wa Zaulimi lakhala likupita ku FISP, pulogalamu ya feteleza ndi mbewu zotsika mtengo imene inayamba mu 2002 ndi dzina la FSP, ndi ku bungwe la boma la FRA logula chimanga, moti kafukufuku amangotola zotsala.

[Chithunzi: matumba a nandolo pa sikelo]

Msika nawonso uyenera kufufuzidwa pamodzi ndi mbewu. Mu 2017 dziko la India linachepetsa nandolo amene limagula kunja, ndipo mitengo inagwa koopsa kwa anzathu a ku Malawi ndi ku Mozambique, amene anali atalimbikitsidwa kuilima yambiri. N'chifukwa chake pempho labwino limaikamo ndalama zochulukitsira mbewu, zolimbana ndi chuku mu mtedza, ndiponso zodziwira amene adzagula zokololazo. Alangizi akadzakuitanani ku chionetsero cha m'munda, mudzafunse kuti mtundu umene mwaukondawo udzafika liti m'sitolo ya zaulimi ya kwanuko, ndipo muyesere kaye pa lima imodzi (kota ya hekitala).