Sola pa kaliyala: kutchaja foni uli pa ulendo wa njinga

Moni nonse, lero tikambe za moto wa foni. Tinene kuti mwanyamuka pa Salima ndi njinga yakapalasa, mukutsata M5 mpaka ku Nkhata Bay, kugona mu tenti, mapu ali mufoni, tochi nayonso ndi yotchaja. Motowo muziutenga kuti?

Ma pawa banki aja okhala ndi kasola pamsana, asiyeni mushopu momwemo. Kagalasi kake ndi kochepetsetsa, mutha kuyanika sabata yathunthu osadzadza, uku batire likupsa ndi dzuwa. Chofunika ndi panelo ya sola yopinda, ya 20W kaya 28W, yokhala ndi pobaya USB, kenako pawa banki payokha.

Onetsetsani apa. Foni musabaye ku panelo. Kamtambo kakangodutsa kapena mwalowa pansi pa mitengo ya mango moto umatsika, foni imasiya kutchaja nkuyambanso nkusiyanso, sikirini ikungoyakayaka, ndipo mafoni ena akasiya asiyiratu mpaka muzule chingwe nkubayanso, inu muli bize kupalasa simukudziwa kanthu. Ndiye panelo izidyetsa pawa banki masana, foni izidya ku pawa banki usiku.

Manambala a pa katoni ya pawa banki, osonyeza kuchuluka kwa moto umene imasunga, musawakhulupirire kwambiri. Akalemba 10000mAh amawerengera pa 3.7V, pomwe USB imatulutsa 5V, posinthapo moto wina umangothera kutentha, ndiye foni ya batire la 5000mAh idzadza kamodzi nkutsalako kochepa basi. Ine ndimati tengani ya 20000mAh, kulemera ikulemera koma mugona mtima uli mmalo. Zotchipa zolembedwa 50000mAh koma zopepuka ngati sopo, mmm ayi.

Tsopano nkhani ya mthunzi, imene ambiri saiganizira. Mu June ndi July kuno dzuwa limapendekera kumpoto. Inu mukulowera kumpoto komweko, mwera ukukukankhani kumbuyo, zabwinobwino, koma chithunzithunzi chanu chikugwera pa kaliyala pomwe mwamanga panelo paja, ndipo mthunzi ukangophimba kachigawo kamodzi moto wa panelo yonse umagwa. Imangeni ndithu ndi mphira za chubu, ngodya zonse zinayi kuti mphepo isaikupize, kalowako pang'ono. Koma kutchaja kwenikweni kumachitika mukaima, pakati pa 10 koloko mmawa ndi 2 koloko masana. Mukamadikira nsima ya chambo, yalani panelo panja, itsamiritseni ku chikwama ikuyang'ana chakumpoto, pukutani fumbi ndi kansalu konyowa, fumbi nalonso limaba moto.

Pawa banki yokha ikhale mchikwama, pamthunzi, chingwe chokha ndiye chizituluka. Mabatire a lithium safuna kutchajidwa akatentha kupyola madigiri 45, ndipo amene anafikako ku Nkhotakota mu October akudziwa kuti chinthu chakuda chikakhala padzuwa sichigwirika. Mukaona yayamba kutupa isiyeni, osaigwiritsanso ntchito.

Mukadzati mupitirire kukwera mtunda wa ku Mzuzu nthawi yozizira, yembekezerani mitambo ndi kamvula kowaza tsiku lonse, panelo ija ingokhala katundu. Ndiye tchaja ya pakhoma ya mano atatu isatsale, makamaka yofulumira ija, pa tauni iliyonse simulephera kupeza babashopu kapena kagolosale kotchajitsa mafoni, mulipira kangachepe, ikudzadza inu mukumwa tiyi.