Njinga yamoto ikukana kulira: ndi pampu kapena ndi relay?

Muli bwanji nonse? Sitata ikuzunguza injini bwinobwino koma njinga osalira. Musanathamangire kukagula pampu ya petulo yatsopano, tiyeni tiyambe taona ngati magetsi akufika pa pampuyo, chifukwa pampu zambiri zimene anthu amataya zimakhala zilibe vuto.

Kodi njinga yanu ili nayo n'komwe pampu? Ma Boxer a kabureta amene ali mbwee mu Chipata muno alibe, petulo amatsika yekha kuchokera mu tanki. Pampu imapezeka pa njinga za injection (zopopera petulo mu injini popanda kabureta) ndi zina zikuluzikulu zakale, monga Honda Africa Twin XRV750 ndi Yamaha Virago 535.

Tembenuzani kiyi, khutu lili pa tanki. Pampu ya injection imalira ngati njuchi kwa masekondi 2 kapena 3 n'kusiya. Ya kabureta imati tiki-tiki mpaka kabureta itadzaza, ngakhale pa njinga zina imayamba pokhapokha injini ikamazungulira. Kukangoti zii, onani swichi yofiira pa chiwongolero, fyuzi ndi batire. Batire yabwino imaonetsa mavoti 12.6. Ikatsika pansi pa 12, yambani mwaitchaja.

Tsopano relay. Ndi kabokosi kakuda kamene kamatsegula ndi kutseka magetsi opita ku pampu, kawirikawiri pansi pa mpando. Ikani chala pamwamba pake, wina atembenuze kiyi: muzimva kuti "tik". Koma apa chenjerani, abale anga. Kumveka "tik" sikutanthauza kuti ndi yabwino. Mkati muli tizitsulo tiwiri tokhudzana, ndipo tikapsa n'kuda, relay imalira koma magetsi osadutsa.

Izuleni muone miyendo yake. Zambiri zimalembedwa 85, 86, 30 ndi 87. Pakati pa 85 ndi 86 mita yopimira magetsi ionetse ma ohm pafupifupi 60 mpaka 120. Ikapanda kuonetsa kanthu, waya wa mkati waduka. Kenako tengani kawaya kakafupi mulumikize mabowo a 30 ndi 87 pomwe mwazula relay paja. Pampu ikalira, pampuyo ndi yamoyo, vuto lili pa relay kapena pa waya woilamula. Kawayako n'koyesera basi. Musayende nako, chifukwa njinga ikagwa pampu idzapitiriza kupopa petulo pa injini yotentha.

Yang'anitsitsani mabowowo. Mukaona zobiriwira zayanga pa mkuwa, ndiye kuti madzi a dzinja ndi fumbi la m'misewu ya kumidzi zagwira ntchito yake. Palani mpaka mkuwa uwale, ndipo finyani mabowo amene akhwepa.

Pampu ikakhalabe chete, pimani magetsi pa pulagi yake penipeni. Batire ikuti 12.6 koma pa pulagi pakufika 9 kapena 10, magetsi akutayika m'njira, nthawi zambiri pa waya wa earth (wobweza magetsi ku batire) umene wachita dzimbiri pa fulemu. Akafika okwanira koma pampu osasuntha, apo ndiye pampu yafadi. Pa pampu ya kabureta tsegulani kachivindikiro kakumbuyo muone ma point, tizitsulo tokhudzana todutsitsa magetsi. Akapsa amasinthidwa paokha, osagula pampu yonse.

Ilipo pampu ina imene imalira koma njinga ikakwera chitunda ikutsamwa. Ya injection imafuna mphamvu yokankhira petulo pafupifupi 3 bar, ndipo chimene chimaifooketsa kwambiri ndi kasefa ka kunsi kwake kakatsekeka ndi zinyalala za petulo wa m'zigubu. Pomasula paipi kulungani kansanza, petulo amathovoka mwamphamvu, ndipo mbaula ndi fodya zikhale kutali. Kasefa kakada, sinthani ndipo tsukani tanki. Musazolowere kuyenda tanki ili pafupi kuuma, pakuti pampu ya mkati mwa tanki imaziziritsidwa ndi petulo yemweyo.