Namwino akati "ndatopa, ndisiya ntchito", vuto lili pati?

Moni nonse, takulandiraninso! Lero tikambe za anamwino amene yunifolomu akuvalabe koma mtima unachoka kale pantchito. Lipoti la 2020 la WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, linati padziko lonse pakuperewera anamwino 5.9 miliyoni, ndiye mmodzi akachoka, mpata wake suchedwa kuoneka.

Choyamba, mwachangu: kalata yosiya ntchito imabwera pamapeto. Maganizo osiya amayamba kalekale, tulo tikamavuta, munthu akamadzuka mtima uli phaphapha poganiza za shifiti.

Chachiwiri, ndipo apa ndikhalitsapo. Anthu amati, "Amene amasiya ndi ofooka, analibe maitanidwe." Bodza limeneli limandiwawa kwambiri! Mu 2002, Linda Aiken ndi anzake anafufuza m'zipatala 168 za ku Pennsylvania, ku America. Anapeza kuti namwino akamuwonjezera wodwala mmodzi yekha, chiopsezo chotoperatu mumtima chimakwera ndi 23 peresenti, ndipo chiopsezo cha imfa kwa odwala chimakwera ndi 7 peresenti. Mmodzi yekha, abale anga! Kodi maitanidwe amachepa wodwala akawonjezeka? Ayi, chimene chakula ndi katundu. Nayo WHO mu 2019 inafotokoza kutopa kumeneku, kumene amati burnout, ngati vuto lochokera ku nkhawa za kuntchito zosasamalidwa. Munthu amatheratu mphamvu, amayamba kuipidwa ndi ntchito imene ankaikonda, n'kumadziona ngati palibe chimene akuphula. Ndiye ife n'kumamunena kuti ndi waulesi? Namwino wotere akamva mawu amenewo amangokhala chete, sapempha thandizo, ndipo tsiku lochoka limayandikira.

Ngati muli ndi m'bale namwino, mutumizireni vidiyoyi, ndipo dinani subscribe musanaiwale.

Chachitatu ndi anthu omuzungulira. Mnzake wosinthana naye shifiti mwana akadwala. Mkulu wa wodi amene, wodwala akamwalira, amayamba wafunsa kuti "muli bwanji?" asanafunse za mafayilo. Kunyumba, kumusiya agone akachokera ku ntchito ya usiku. Izi sizichepetsa odwala, koma munthu amene ali ndi pokhuthulira nkhawa sathamangira kuchoka. Thandizo la mkulu ndi limene ine ndimaliona lolemera, chifukwa ndiye amagawa mashifiti ndi tchuthi.

Chachinayi, malipiro. Ndi nkhani yaikulu, ndipo tiikamba payokha mu vidiyo ya sabata yamawa.