Mjigo ukathyoka timaloza ndani? Mmene bwalo la mudzi limayendera ku Angónia

[Chithunzi: m'mamawa. Mjigo wouma, zigubu zachikasu zili pamzere, palibe wotunga.]

Moni nonse, abale anga. Mjigo mukuuonawu ndi wa m'mudzi mwathu, kuno ku Angónia m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Unakhala wosatulutsa ngakhale dontho kwa milungu 6. Amayi anabwerera kudambo kukatunga pamene ng'ombe zimamwa, ana anayamba kutsegula m'mimba. Masiku onsewo palibe amene anakwera njinga kupita ku Ulónguè, likulu la Angónia, kukafunsa kuboma. Aliyense ankaima pakhomo pa a mfumu, n'kuomba m'manja: "Zikomo a mfumu, kodi za mjigo uja mukuti bwanji?"

A mfumu alibe ofesi, alibe galimoto, alibe thumba la ndalama za chitukuko. Koma funso limafikira kwa iwo ndi anthu ochepa amene amakhala nawo pabwalo. Lero ndikufuna tione kuti anthu amenewa ndi ndani, mphamvu zawo zimachokera kuti, ndipo zimathera pati.

[Chithunzi: pansi pa mtengo wa kachere. Mipando itatu, benchi, mphasa.]

Mukafika pabwalo la kwathu mupeza a mfumu ndi nduna zawo. Pambali pawo pali a sekeretale a mudzi ndi kope lawo. Pali eni mbumba, pali akuluakulu a mipingo, pali wa komiti ya madzi, wa komiti ya sukulu, ndi wazaumoyo wa m'mudzi. Mlendo amadabwa kuti mudzi umodzi uli ndi atsogoleri awiri, mfumu ndi sekeretale. Yankho lake lili m'mbiri yathu.

Nthawi ya Apwitikizi, mfumu imene iwo ankaitcha régulo ndiyo inkatolera msonkho ndi kupereka anthu ku chibalo, ntchito yokakamiza. Ikalephera, masipayi, apolisi a atsamunda, ankabwera ndi mbalamatodya. Ufulu utabwera pa 25 Juni 1975, Frelimo inati mafumu anali dzanja la atsamunda. Inawakankhira pambali, m'malo mwawo inaika ma grupo dinamizador, makomiti a chipani, ndi masekeretale. Kenako nkhondo yapachiweniweni. Midzi yambiri ya kuno inatsala mabwinja, anthu anawolokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo Malawi inasunga othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera. Anapeza minda yamera tchire, malire osaoneka, ena atalima kale pa malo a eni ake. Amene ankatha kuloza kuti munda wa mbumba yakuti umathera pa msuku uwo, wa mbumba inayo umayambira pa chulu icho, anali mafumu ndi eni mbumba omwe aja anakankhidwira pambali.

Boma linaona lokha. M'chaka cha 2000 linatulutsa Decreto 15/2000, limene linavomereza amene likuwatcha autoridades comunitárias. M'menemo munalowa mafumu, munalowanso masekeretale. Anapatsidwa yunifolomu, mbendera ya dziko yokweza pakhomo, ndi kangachepe. Akuluakulu amati atambala awiri salira m'khola limodzi, koma lamulo linawatsekera m'khola limodzi. Kumene awiriwa amamvana, mudzi umayenda. Kumene sakumvana, woluza mlandu kwa a mfumu amathamangira kwa a sekeretale, ndipo mlandu wa mbuzi imodzi umatha chaka.

Kenako kunabwera Lei 8/2003, lamulo la maboma aang'ono, ndipo kuchokera pamenepo kunakhazikitsidwa ma conselho consultivo: pa distrito (boma lonse la Angónia), kutsikira ku madera ake aang'ono, pa posto administrativo, pa localidade, mpaka pa povoação, pafupi ndi ife eni mudzi. Mawu akuti consultivo muwamvetse bwino. Ndi bwalo lopereka maganizo. Likhoza kunena kuti tikufuna mlatho, likhoza kulemba kalata, koma siligwira ndalama zomangira mlathowo. Ulónguè ndi nkhani ina: kuyambira 2008 ndi município, tauni yokhala ndi khonsolo yakeyake, ili ndi atsogoleri ovoteredwa ndipo imatolera ndalama zake. Ife kumudzi tilibe zimenezo.

Ntchito yokha ndiye sisowa. Kutolera msonkho wa boma, kuitana amayi kukatemera ana, kuumba njerwa za sukulu, kulambula msewu, kuweruza za ng'ombe yolowa m'dimba la mbatatesi, kulengeza maliro, kulandira alendo ochokera kuboma ndi kuwapezera nkhuku. Mfumu ndi kudzala, chilichonse chimatayidwa pamenepo.

[Chithunzi: chitini cha mkaka, kope la sukulu lopindikapindika.]

Tibwerere ku mjigo uja, chifukwa ine ndinaphunzira zambiri pa chitini ichi kuposa pa malamulo onse ndatchulawa.

Mjigo wathu ndi wa mtundu wa Afridev, ngati yambiri ya m'midzi muno. Ubwino wake ndi woti anthu a m'mudzi akhoza kuukonza okha. Chimene chimatha msanga ndi timphira ta mkati ndi tizipangizo ta pulasitiki ta pamkono, zinthu zotsika mtengo. Pochoka, okumba amasiya mjigo m'manja mwa komiti ya madzi, ndipo ife tinagwirizana kuti khomo lililonse lizisonkha mametikali 20 pamwezi. Msungichuma tinasankha agogo ena achikazi, munthu woti sangadye ndi kakobiri komwe ka mnzake.

Mjigo utaima, a mfumu anaitana bwalo kuti chitini chosungiramo ndalamazo chitsegulidwe. Agogo aja anabwera nacho atachimanga m'chitenje, manja akunjenjemera. Atakhuthulira pamphasa, anthu anangoti kukamwa yasa. Ndalama zinali zochepa, ndipo zambiri mwa izo zinali makwacha.

Inu akutali mwina simungamvetse. Kuno malire ndi msewu. Kuchokera ku Dedza kupita ku Ntcheu, mbali iyi ndi Mozambique, mbali iyo ndi Malawi. Munthu akagulitsa mbatatesi kapena kabichi ku Lizulu, amabwera ndi makwacha, ndipo ndi omwewo amasonkha. Agogo ankalandira, n'kuika m'chitini. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ndalama za mjigo wathu zinafota zili m'chitini, chivindikiro chili chitsekere.

Koma sizinali zokhazo. Mnyamata wina anawerenga kope mokweza, ndipo panali mayina a anthu amene anabwereka. Wina za bokosi la maliro. Wina zotengera mayi woyembekezera kuchipatala. Agogo anati: "Nanga munthu akabwera usiku akulira, ine ndikanatani, ana anga?" Palibe anawayankha, chifukwa tonse tinkadziwa kuti tikanakhala ife tikanatsegulanso chitini. Ndiye panatulukanso dzina lina, ndipo ndi limene linali ndi ngongole yaikulu: mwana wa mlongo wawo wa a mfumu. Kwa ife Achewa mukudziwa tanthauzo lake. Ameneyo ndi magazi a ufumu, mwina ndiye wodzalowa. Iye anabwereka zogulira feteleza.

Bwalo linati zii. Maso onse kwa a mfumu.

Mwana wa mlongo wawo uja anayamba: "Atsibweni, ndimati ndikagulitsa fodya..." A mfumu anamudula. Anati: "Kuno sindine atsibweni ako. Mbuzi uli nazo. Lachisanu ndalama zikhale pamphasa pano." Lachisanu mbuzi inagulitsidwa. Sabata yomweyo, anthu amene anali atasiya kusonkha kwa miyezi anayamba kubwera okha ndi ndalama zawo. Palibe anawaopseza. Anali atasiya chifukwa ankaganiza kuti akudyetsa a kuufumu.

Ine ndimakhulupirira kuti mphamvu ya bwalo la mudzi ndi imeneyo basi, ndipo siichokera ku yunifolomu. Bwalo lilibe apolisi, lilibe ndende, silingalande katundu wa munthu. Chimene lili nacho ndi choti anthu aone ndi maso awo kuti ndodo yokwapulira mwana wamasiye ndi yomweyo yokwapulira mwana wa mfumu. Chikasowa chimenecho, ngakhale belu lilire mpaka madzulo, pabwalo pabwera nkhuku zokha.

Tinapangana zinthu zochepa tsiku limenelo. Kope liziwerengedwa pagulu mwezi ndi mwezi. Makwacha azisinthidwa sabata yomweyo. Ndalama zikakwana tizigula timphira tisunge, m'malo mosunga ndalama. Za maliro zikhale ndi thumba lakelake. Nkhalamba zopanda wozithandiza zisamasonkhe. Ndipo achinyamata awiri, mmodzi mtsikana, anaphunzira kwa mmisiri kutulutsa ndodo za mjigo ndi kusintha timphira.

[Chithunzi: madzi akutuluka pa mjigo, mwana akutchinga ndi manja.]

Amene muli ndi zaka mukukumbukira ma sete milhões. Mu 2006, nthawi ya Pulezidenti Armando Guebuza, distrito iliyonse inayamba kulandira mametikali 7 miliyoni, ndipo ma conselho consultivo ndiwo ankasankha oyenera kubwereka kuti ayambe ulimi kapena malonda. Inali nthawi yoyamba mabwalo amenewa kuyandikira ndalama zenizeni. Alipo amene anagula zigayo ndi ng'ombe zapangolo, ndipo mpaka lero zikuwadyetsa. Koma dziko lonse linamva madandaulo akuti ankapata ndi achibale ndi odziwika kuchipani, ambiri anaitenga ngati mphatso ya boma, ndipo zobwezedwa zinali zochepa kwambiri. Chinali chitini chomwe chija, chachikulu chabe, chopanda wowerenga kope pagulu.

Pamene bwalo limayesedwa koposa ndi pa nthaka. Lamulo la malo, Lei 19/97, limati nthaka yonse ndi ya boma, siigulitsidwa. Koma limatetezanso ife: mudzi kapena banja limene lakhala pamalo motsata mwambo lili ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, umene amautcha DUAT, ngakhale lilibe pepala, ndipo umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi umamveka. Munthu wakunja akafuna malo, lamulo limati anthu afunsidwe kaye. Vuto ndi mmene kufunsako kumachitikira. Galimoto imafika, msonkhano wa maola awiri, zakumwa, kenako pepala lachipwitikizi loti a mfumu ndi anthu angapo adindepo chala. Ambiri mwa odinda sanamve zimene zalembedwa. Ku Moatize, m'chigawo chomwe chino cha Tete, mabanja oposa 1,000 anasamutsidwa kuti pakumbidwe malasha, ambiri anapita ku Cateme, ndipo mu Januwale 2012 anatseka njanji podandaula za nyumba ndi minda imene anapatsidwa. Pempho langa kwa mafumu ndi nduna ndi ili: pepala lililonse liwerengedwe m'Chichewa pamaso pa anthu onse, amayi alipo, ndipo lina lofanana nalo litsale m'mudzi. Akakana kudikira mawa, pamenepo ndiye chenjerani.

Palinso ndalama zimene midzi yambiri siidziwa. Kuyambira 2005, boma linalamula kuti 20 peresenti ya misonkho ya odula mitengo ndi ogwiritsa ntchito nyama zakutchire ibwerere kwa anthu a dera limene zinthuzo zatengedwa. Koma pamafunika komiti yodziwika ndi akaunti ya kubanki. Abale athu a ku Macanga ndi ku Chifunde, kumene mitengo ikadalipo, funsani kuti zanu zili kuti.

[Chithunzi: amayi pamphasa, mmodzi waimirira akulankhula.]

Malangizo a boma amati m'ma conselho amenewa amayi asachepere 30 peresenti. Papepala zimakwana. Pabwalo, kwa zaka zambiri, amayi ankakhala pamphasa kumapeto, n'kulankhula pobwerera kunyumba. Zimandiwawa, chifukwa kwathu kuno minda yambiri imayenda ndi mbumba, wotunga madzi ndi mayi, wogonera mwana kuchipatala ndi mayi. Kwathu zinayamba kusintha pa nkhani ya mjigo yomwe ija, chifukwa amene ankadziwa tsiku limene mkono unayamba kulemera, ndi makomo amene sasonkha, anali amayi.

Ndipo ndi amayi omwewo anabweretsa pabwalo nkhani ya mtsikana wa kalasi 6 amene makolo anali atamulandirira kale mwamuna. Lei 19/2019 imaletsa ukwati wa aliyense wosakwana zaka 18, ndipo mfumu kapena wa mpingo wodalitsa ukwati wotero akhoza kumangidwa. Koma lamulo lili ku Maputo, mtsikana ali kuno. Anankungwi ndi a mfumu anakhala ndi makolo aja kawiri, atsibweni a mtsikana alipo, mpaka zimene analandira zinabwezedwa. Mtsikanayo ali pasukulu. Mlandu wotere ukakanika, kapena pakakhala kugwiririra kapena magazi, bwalo siliyenera kuukhalira. Umenewo ndi wa apolisi, ndipo mfumu yothetsa nkhani ya kugwiririra ndi chindapusa cha mbuzi yalakwira mwana.

[Chithunzi: kamtsinje, mitengo itatu yoyala ngati mlatho, ana a sukulu akuwoloka.]

Chimene chatikanika mpaka pano ndi ichi. Mvula ikagwa, ana a tsidya lino sapita kusukulu, ndipo matumba a mbatatesi amawolera kumunda. Mchenga tatuta, miyala taunjika, mukuiona apo. Simenti ndi zitsulo sitingathe. Kalata tinapereka ku localidade, inakwera ku posto, tikudikira. Bwalo likumananso Loweruka likubwerali, kope la madzi likawerengedwa, kuti tisankhe anthu awiri okaitsatira kalatayo mvula isanayambe. A sekeretale abwereketsa njinga yawo, ndipo amayi anena kale kuti mmodzi mwa awiriwo akhale wa kumphasa.