Makalata anu sabata ino: kadzanja kamene kafumbatanso

Takulandirani abale ku gawo lathu la makalata, sabata ino thumba ladzaza ndithu, ena mwalemba papepala ena mameseji a pafoni, onse sindiwamaliza koma tiyeni tiyambepo.

Bambo wina akufunsa kuti kodi occupational therapy ndi mafizo ndi chimodzimodzi? Ndi pachibale bambo koma si mapasa. A mafizo amalimbana kwambiri ndi minofu, kukhala, kuimirira, kuyenda. A occupational therapy, mwachidule a OT, amaona ntchito za mwana za tsiku ndi tsiku, kusewera, kudya yekha, kuvala, kupita kuchimbudzi, kugwira pensulo. Dzinalo lisakuopseni, sikuti akukamufunira ntchito ya mu ofesi mwana wa zaka zitatu ayi.

Tsono kalata iyi ndayiwerenga katatu ndisanalowe muno. Mayiwa alemba kuti, "Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 4, pobadwa anachedwa kulira, kenako kuchipatala anatiuza kuti ndi cerebral palsy. Tinkapita ku gulu lina la akhristu komwe amathandiza ana otere, timayamba ndi pemphero kenako zophunzitsa manja. Koma amayi ena omwe ndimapemphera nawo anati ndikamapitako ndiye kuti ndikukayikira Mulungu, ndisankhe chimodzi. Ndinasiya, pano yatha miyezi 5. Kadzanja kake komwe kanayamba kutambasuka kafumbatanso. Ndiye ndalakwa pati, popita paja kapena posiya?"

Mayi, choyamba pukutani misozi, simunachimwe. Mwangomvera malangizo olakwika kuchokera kwa anthu omwe mumawakhulupirira, zimachitika. Koma mawa lomwe muwaimbire foni anthu aja mubwerere. Cerebral palsy imabwera pomwe ubongo wa mwana wavulala ukukula, ali m'mimba, pobadwa monga kusowa mpweya, kapena atangobadwa chifukwa cha chikasu chachikulu kaya matenda oumitsa khosi. Si matsenga, si tchimo la mayi, sizopatsirana. Bala la mu ubongolo silipitirira kukula, koma minofu ikasiyidwa osaigwiritsa ntchito imauma n'kufupika, ndi chimene mwachiona pa kadzanjako. Ndipo ubongo wa mwana wamng'ono umaphunzira pobwerezabwereza, nchifukwa chake miyezi ikamadutsa ine mtima umandiwawa.

Ine ndinakhalapo pansi kuonerera m'modzi wa a OT akuphunzitsa kamtsikana kena kudya. Sanayambe ndi supuni ayi, anayamba ndi kukakhazika bwino, msana wowongoka, mapazi aponde pansi osati azilendewera, mutu usagwere kumbuyo. Kenako anatenga supuni wamba n'kukulunga kansalu pachogwirira mpaka chinanenepa kuti tizala tigwire mosavuta, iye n'kugwira pachigongono basi. Supuni inapita patsaya, ina pamphuno, chakudya mbwee pamalaya, mayi ake akufuna kulanda kuti angomudyetsa, mlangiziyo akuti dikirani mayi. Itafika pakamwa, eeh, mayi uja anayamba nyimbo yotamanda pomwepo misozi ili chuchuchu. Ndiye wina adzandiuze kuti mchipinda muja munalibe Mulungu?

Inu amayi a mapemphero, ndimakukondani, maondo anu atithandiza ambiri, koma apa mwaphonya. Werengani Yohane 9, ophunzira anafunsa za munthu wobadwa wosaona uja kuti anachimwa ndani, iyeyu kapena makolo ake, Yesu anati palibe, ndipo atamupaka thope m'maso anamutuma kukasamba ku thamanda la Siloamu, munthuyo anachita kunyamuka kupita. Paulo yemwe ankayenda ndi Luka, pa Akolose 4:14 akumutchula kuti dokotala wokondedwa. Nanga inu dzino likakuwawani usiku bwanji m'mawa timakupezani pamzere kuchipatala? Mwana wa mnzanu yekha ndiye asankhe chimodzi?

Ndipo nkhani iyi sikoyamba kubwera, mwezi uno wokha makalata angapo akudandaula zofanana, ena akuti mwana amamutsekera m'nyumba alendo akabwera, ena akuti ku Sande sukulu anamubweza ati amasokoneza anzake. Abale mipingo, tiyeni tidzifunse. Mefiboseti anagwa ali ndi zaka 5 n'kulumala mapazi onse awiri, koma pa 2 Samueli 9 mfumu Davide inamuitanitsa kuti azidya patebulo lake masiku onse ngati mwana wa mfumu. Ife tili ndi maholo amangokhala otseka Lolemba mpaka Lachisanu, tili ndi akalipentala mumpingo omwe angakhome kampando ka pakona kothandiza mwana kukhala tsonga, tili ndi atelala omwe angachotse mabatani n'kuika zomata. Chomwe chikufunika ndi kuitana munthu wophunzira ntchitoyi aziwaona anawa, chifukwa mwana aliyense ndi zosowa zake, osati kungokopera za mwana wa aneba. Ndipo mayi wobereka mwana wa zaka 4 kumsana tsiku lonse amatopa, mukapita kukamupempherera mumuchapireko ndi zovala zomwe.

Chinthu chimodzi mayi pomwe mukudikira kubwerera, musamamudyetse atagona chagada, amatha kutsamwa chakudya n'kulowa m'mapapo, mapeto ake chibayo. Ndipo kadzanjako musakatambasule mokakamiza, a OT akakuonetseni kachitidwe kake.

Tithamange. Agogo ena akuti mdzukulu wawo amatseka makutu n'kumakuwa kwaya ikayamba, anthu akuti ndi ziwanda. Agogo, ana ena makamaka a autism, vuto lomwe limakhudza kulankhula ndi kucheza ndi ena, phokoso limawapweteka zenizeni, khalani naye kutali ndi sipika, pafupi ndi khomo kuti akatopa mutuluke kaye, ndipo mukamuonetse kuchipatala. A zokuzira mawu nanunso tsitsaniko pang'ono, kumwamba amamva bwinobwino.

Mlongo wina akuti mwana wake wa zaka 6 wa Down syndrome, vuto lobadwa nalo lomwe limachedwetsa kukula ndi kuphunzira, sadziwa kuvala. Yambirani kumapeto achemwali, inu mumuveke juzi yonse iye angokokera pansi, akazolowera azilowetsa dzanja lomaliza, kenako onse awiri, choncho amamaliza ndi iyeyo ndipo amasangalala. Zimatenga nthawi, musatope.

Bambo wina akuti mwana wafika miyezi 10 sakukhala yekha, adikire? Musadikire bambo, ana ambiri pofika miyezi 9 amakhala atayamba kukhala okha, pitani akamuone, ndipo mupite nonse osati kungotuma mayi.

Nthawi yatithera, otsalawa sabata yamawa. Mayi a kadzanja aja, mukabwererako mutilembere, ndikufuna ndidzamve kuti sabata yoyamba yayenda bwanji.