Kuchokera ku Warsaw: Saluni ya Amayi a ku Kharkiv

Moni nonse kulikonse kumene mukundimvera, a ku Lilongwe, a ku Chipata, a ku Tete, a ku Joni, ndi anzanga amene tikuzizidwa limodzi kuno ku Ulaya. Ndine mlongo wanu wa ku Warsaw uja. Sabata yatha achimwene ena ananditumizira uthenga wa mawu pa WhatsApp, akuti, "Achemwali, mumangotiuza za chisanu ndi za mapepala, nanga nkhondo ili pakhomo panupo simukuiona?" Achimwene, ndamva. Lero tikambe zimenezo.

Poland ndi Ukraine ndi oyandikana, malire awo ndi amodzi. Chiyambire pa 24 February 2022, pamene asilikali a Russia analowa mu Ukraine ndi mphamvu zawo zonse, ndege zonyamula anthu sizitera m'dzikomo. Aliyense wopita kapena wochokera kumeneko amayenda pa basi, pa galimoto kapena pa sitima, ndipo ambiri amadzera kuno. Mukafika pa depoti ya Warszawa Zachodnia madzulo, mupeza mabasi atandanda, olembedwa Lviv, Kyiv, Kharkiv, Odesa, amayi akukankhira zikwama m'munsi mwa basi. Koma ine nkhondoyi sindinaidziwire pa depoti. Ndinaidziwira kuntchito.

Ambiri mukudziwa kuti mkati mwa sabata ndimakhala mu ofesi, koma Loweruka ndimaluka tsitsi. Mpando wolukirapo ndimachita lendi mu saluni ya amayi ena a ku Kharkiv. Dzina sinditchula, tiziti abwana. Kharkiv ndi mzinda wachiwiri pa kukula ku Ukraine, ndipo uli pa mtunda wosakwana makilomita 40 kuchokera m'malire a Russia, moti mzinga ukaponyedwa umatha kufika anthu asanathawire kulikonse. Abwanawa anali ndi saluni kumeneko. Anathawa ndi mwana wawo wamkazi, chikwama chimodzi, ndi kabokosi ka zida zokonzera zikhadabo. Amuna awo anatsala, chifukwa lamulo la nthawi ya nkhondo linaletsa amuna a zaka 18 mpaka 60 kutuluka m'dziko.

Foni ya abwana imakhala patebulo, pambali pa timabotolo ta utoto wa zikhadabo. Muli pulogalamu imene imalira ngati mbali ina ya Ukraine yachenjezedwa kuti kukubwera mizinga, ndipo iwo anaitchera pa Kharkiv. Ndiye tili mkati mwa Warsaw, kunja matiramu akudutsa, kasitomala wa ku Poland watambasula dzanja, foni ija n'kuyamba kulira. Abwana sasiya chala cha kasitomala. Amangotembenuza foni ndi chigongono, n'kulemba kauthenga ndi chala chimodzi, n'kupitiriza kupaka. Pakapita kanthawi foni imanjenjemera, amuna awo ayankha ndi kachizindikiro kophatikiza kokha, basi. Ndiye kuti ali moyo. Akachedwa kuyankha, saluni yonse timadziwa, chifukwa abwana amayamba kulankhula kwambiri za mitengo ya zinthu, za lendi, za chilichonse. Ine manja amakhala m'mutu mwa munthu koma khutu lili pa foni ija.

Amuna a abwana aja ali ndi kashopu ka khofi ndi mabanzi ku Kharkiv. Magalasi a mawindo anasweka, anaikamo atsopano, anaswekanso, pano anangokhomapo mathabwa n'kupenta dzina la shopu. Kuyambira October 2022 Russia inayamba kuphulitsa malo opangira ndi ogawira magetsi, ndipo aliyense wa bizinesi anayenera kugula jenereta kapena kutseka. Iwo anagula. Koma jenereta yawo ndi yaing'ono, siikoka makina a khofi ndi uvuni nthawi imodzi, ndiye magetsi akathima amaphika mabanzi m'mamawa kwambiri, kenako n'kuzimitsa uvuni kuti ayatse makina. Anthu amabwera kudzatchaja mafoni, ena ndi kompyuta kudzagwira ntchito, n'kugulako kapu imodzi. Vuto lalikulu pano si magetsi koma antchito. Mnyamata amene ankaphika anaitanidwa ku usilikali, makamaka chifukwa mu 2024 boma linatsitsa zaka zoyambira kuitanidwa kuchoka pa 27 kufika pa 25. Pano akuphika ndi agogo ena amene anapuma ntchito kalekale.

Pano ndinene zoona, chifukwa pa pulogalamu ino sitibisana. M'mwezi wa March 2022 boma la Poland linakhazikitsa lamulo lapadera: munthu wothawa ku Ukraine alandire nambala ya PESEL, yomwe boma la kuno limazindikirira munthu, agwire ntchito, mwana alowe sukulu, akafuna alembetse bizinesi ngati mwini dziko. Abwana anatsegula saluni patangopita miyezi yochepa. Ife amene timadikira karta pobytu, chiphaso chokhalira m'dziko muno, mpaka kuiwala tsiku limene tinapereka mapepala, zinatiwawa. Ndipo sitinaiwale kuti masiku oyamba aja ana asukulu a ku Africa amene ankathawa nkhondo yomweyo ankabwezedwa kumbuyo pa mizere ya sitima ndi ya m'malire. Zimenezo zinachitika, ndipo sindizifufuta. Koma amene analemba malamulowo si abwana anga. Iwo anangoona khomo lotsegula n'kulowa, ngati mmene inenso ndikanachitira. Ndipo atalowa sanakhale pansi kudikira thandizo. Amalipira msonkho kuno, analemba ntchito atsikana atatu, n'kundipatsa ine mpando pamene masaluni ena ankangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Si iwo okha. Mukayenda mu Warsaw muno mupeza masaluni, mabekare, makampani omanga nyumba ndi a zamakompyuta a anthu a ku Ukraine. Ngakhale makampani akuluakulu anatsatira anthu awo. Nova Poshta, kampani yotumiza katundu imene aliyense kwawoko amaidalira, inatsegula ofesi kuno mu October 2022 pa dzina la Nova Post. Abwana amapitako pafupipafupi ndi phukusi: mabatire otchajira foni, mankhwala a apongozi awo, masokosi okhuthala. Mu October 2023 mzinga unagwera pa depoti ya kampaniyi pafupi ndi Kharkiv n'kupha antchito osachepera 6. Kampani sinasiye kugwira ntchito. Abwana anapita kukatumiza phukusi sabata yomweyo, akuti akaleka ndiye kuti anyamata aja afera chabe.

Pa kauntala pali kapepala kokhala ndi QR code. Banki ina ya pa foni ya ku Ukraine, monobank, ili ndi njira yoti munthu atsegule kathumba kosonkhera ndalama, aliyense aziona zimene zalowa ndi zimene zatsala. Kathumba ka pa saluni yathu sikatsekedwa. Mwezi uno n'kogulira pikiapu gulu la asilikali kumene kuli mlamu wawo, mwezi wa mawa n'kogulira malamba omangira mwendo kapena mkono kuti wovulala asataye magazi. Zimandikumbutsa mbale ya chipepeso pamaliro kwathu, imene imazungulira aliyense n'kuponyamo kangachepe, kusiyana kwake n'koti mbale iyi yakhala ikuzungulira zaka ndi zaka osaikidwa pansi.

Anthu aluso nawonso analowa m'mbale yomweyo. Gulu loimba la ku Ukraine la Kalush Orchestra litapambana mpikisano wa nyimbo wa Eurovision ku Turin mu May 2022, linagulitsa chikho chake pa madola 900,000 kuti agulire asilikali ma drone, tindege touluka popanda munthu mkati. Positi ofesi ya dziko, Ukrposhta, inatulutsa sitampa mu April 2022 yojambulidwa ndi Boris Groh, msilikali ataima m'mbali mwa nyanja akunyoza sitima yankhondo ya Russia ndi chala, ndipo anthu anaima pamizere italiitali ku Kyiv kuti agule. Sitampa, abale, kanthu koti ife tinaiwala kuti kaliko. Palinso Oleksandr Klymenko ndi Sonia Atlantova, amene amatenga mathabwa a mabokosi onyamulira zipolopolo n'kujambulapo zithunzi za oyera mtima za kutchalitchi, ndalama zake n'kupita ku gulu la madokotala odzipereka amene amathandiza ovulala kunkhondo.

Za madokotalazo mtima wanga ulibe vuto. Za ma drone zimandivuta. Ine ndinakulira m'kwaya, ndipo kumva kuti nyimbo yagula chida chophera munthu sikundikhala bwino. Ndinawauza abwana zimenezi tsiku lina tikusesa. Sanakwiye. Anangondifunsa kuti, "Mchemwali wanga, zimene zimagwa pa msewu wa kwathu uja ukuganiza zimaimitsidwa ndi chiyani?" Ndinalibe yankho, koma maganizo anga sanasinthe kwenikweni. Ndimaponya m'kathumba ka malamba, ka pikiapu ndimaponyanso, ka ma drone ndimadutsa. Iwo amaona, ndipo sanandinenepo kanthu.

Nkhani imene inandigwira mtima kwambiri ndi ya mabuku. Kharkiv ndi kumene kuli mafakitale akuluakulu osindikiza mabuku a dziko lonse. Pa 23 May 2024 mzinga unagwera pa fakitale ya Faktor Druk, n'kupha antchito 7 ndi kutentha mabuku pafupifupi 50,000. Tsiku limenelo abwana anatseka msanga, chinthu chimene sachita. Mawa lake anaitanitsa mabuku a ana pa intaneti kuchokera ku kampani ya Vivat, imene inkasindikizitsa kumeneko. Anandiuza kuti anthu ambiri anachita chimodzimodzi, kugula dala kuti kampani isagwe.

Kuti mumvetse, abwanawa anakula akulankhula Chirasha, monga anthu ambiri a ku Kharkiv. Pano anasankha kulankhula Chiyukireni, ndipo nthawi zina amakakamira pa liwu, n'kuseka okha. Mwana wawo, amene ali pa sukulu ya kuno, amawayankha mu Chipolishi. Ndiye mabuku aja ndi a mwanayo. Inu amene muli ndi ana ku Leeds kapena ku Dublin amene mukawafunsa "wadya?" amayankha m'Chingerezi, mukudziwa mmene zimapwetekera. Tsono muwonjezerepo kuti pali wina amene akunena poyera kuti mtundu wanu ndi dziko lanu si zenizeni.

Ndi abwana omwewo amene anandiuza za Volodymyr Vakulenko, mlembi wa mabuku a ana wa m'mudzi wa Kapitolivka pafupi ndi Izium. Asilikali a Russia atalanda deralo mu 2022, iye ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku, ndipo atazindikira kuti amutenga, anakwirira zolembazo pansi pa mtengo wa zipatso kuseri kwa nyumba. Anamutengadi, ndipo mtembo wake unapezeka m'manda a anthu ambirimbiri m'nkhalango ya ku Izium. Derali litamasulidwa, mlembi mnzake, Victoria Amelina, anapita kukakumba pamodzi ndi bambo ake a malemuyo mpaka anazipeza, ndipo zinasindikizidwa. Amelina anali atasiya kulemba nthano kuti azifufuza milandu ya kunkhondo. Pa 27 June 2023 ali pa malo odyera ku Kramatorsk ndi alendo ochokera ku Colombia, mzinga unagwa. Anamwalira pa 1 July, ali ndi zaka 37. Buku la Vakulenko lili pa shelefu mu saluni, pakati pa magazini a masitayilo a tsitsi. Ine sinditha kuliwerenga, zilembo zake n'zina, koma ndimalipukuta fumbi.

Ndipo ku Kharkiv komweko zisudzo sizinathe. Oimba ndi ovina a ku nyumba yaikulu ya opera anasamukira m'chipinda cha pansi pa nthaka, anthu amagula matikiti n'kutsika masitepe atavala bwino. Ana ena amaphunzira m'makalasi amene anakonzedwa m'masiteshoni a sitima zapansi. Bambo a kashopu aja anapitako ku opera kamodzi, munthu woti nkhondo isanayambe sankapondako. Anatumiza chithunzi atavala jekete, abwana n'kutionetsa tonse, akuseka kuti jeketeyo ndi ya pa ukwati wawo.

Musaganize kuti ndi anthu osatopa. Atopa kwambiri. Kasitomala akawauza kuti "ndinu olimba mtima", abwana amamwetulira, koma akangotuluka amapukusa mutu. Amati chimene akufuna si kuwayamikira, koma kuti munthuyo abwerenso mwezi wa mawa ndi mnzake. Anthu a kuno nawonso ena atopa nawo, mawu onyoza m'basi akuchuluka, moti kambendera ka Ukraine kamene kanali pawindo anakasunthira mkati. Pakati pa iwo eni palinso mikangano. Mnyamata wa ku Ukraine wamphamvu zake akalowa kudzameta, atsikana ena amene amuna awo ali kunkhondo samulankhula. Mmodzi mwa atsikanawo anabwerera kwawo chaka chatha, akuti kuli bwino kugona m'khonde la nyumba yake akumva mizinga kusiyana ndi kulira ali kwa eni.

Ndinawafotokozeranso za kwathu, kuti nkhondo yawoyi inafika mpaka m'misika ya ku Malawi, mafuta ophikira ndi feteleza zitakwera mu 2022, poti Ukraine imagulitsa kunja mafuta ambiri a mpendadzuwa ndipo Russia imagulitsa feteleza wambiri. Ndinawauzanso kuti mu March 2023 kampani ya ku Russia inapereka ku Malawi feteleza wokwana matani 20,000, ndipo amalume anga mpaka lero amati a Russia ndi anthu abwino. Ndinkayembekeza kuti apsa mtima. Anangofunsa kuti chimanga chinabereka bwanji, kenako anati munthu wanjala sungamuuze kuti akane thumba. Nditawauza kuti Malawi ndi Zambia anavota nawo ku United Nations mu March 2022 kudzudzula kulowa kwa Russia, anadabwa, anatenga foni kuti aone pamene Malawi ali pa mapu. Zaka zonsezi ankaganiza kuti ndine wa kufupi ndi Mali.

Pano akufuna kutsegula saluni yachiwiri tsidya lina la mtsinje wa Wisła, ku dera la Praga mu Warsaw momwemuno, ndipo andifunsa ngati ndikudziwa wina woluka bwino amene mapepala ake ali m'malo. Ndiye achemwali amene muli kuno ku Poland ndipo manja anu ndi ofulumira, ndilembereni. Sabata ya mawa tikambirana za kutumiza ndalama kumudzi, chifukwa mafunso anu pa nkhani imeneyo achuluka. Tsalani bwino.