Dongosolo la Masewera Olimbitsa Thupi: Malangizo kwa Omvera a ku Salima

Omvera athu a kuno ku Salima, takulandirani ku chigawo cha zaumoyo. Lero ndikufuna tikambirane mmene munthu angakonzere dongosolo lake la masewera olimbitsa thupi, ndipo ndiyamba ndi mawu amene ndimawamva kawirikawiri pa Kamuzu Road. Bambo wa kabaza amandiuza kuti iye safunikiranso masewera ena chifukwa amapalasa njinga tsiku lonse, ndipo msodzi wa ku Senga Bay amanena zomwezo akaloza nkhafi yake. N'zoona kuti mtima ndi miyendo ya wakabaza zimagwira ntchito yaikulu, koma mudzamuyang'anitsitse madzulo akamatsika panjinga, msana utapindika, dzanja lili m'chiuno, ndipo mudzavomereza kuti ntchito imodzi yobwerezabwereza imalimbitsa ziwalo zina pamene zina zikufooka. Dongosolo labwino ndi limene limafika pamene ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku siifika.

Tiyambe ndi mtima ndi mapapo. Malangizo amene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa m'chaka cha 2020 amati munthu wamkulu azichita masewera opumitsa mofulumirako kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena masewera amphamvu kwambiri kwa mphindi 75 mpaka 150. Chiwerengerochi chisakuopseni, chifukwa kuyenda ndawala kwa mphindi 30 masiku asanu pa sabata kwakwanira kale. Kuti mudziwe ngati liwiro lanu lili bwino, yesani kulankhula mukuyenda: ngati mukutha kucheza ndi mnzanu koma simungathe kuimba nyimbo, muli pa mlingo woyenera. Amene muli ndi wotchi kapena foni, gwirani mtsempha wa pamkono ndi zala ziwiri, muwerenge kugunda kwa mtima kwa masekondi 15, kenaka muchulukitse kanayi. Mukachotsa zaka zanu pa 220 mupeza pafupifupi malire a kugunda kwa mtima wanu pa mphindi imodzi, choncho munthu wa zaka 40 malire ake ndi 180, ndipo poyenda ndawala mtima wake uzigunda pakati pa 90 ndi 126 pa mphindi, ndiye kuti magawo 50 mpaka 70 pa 100 alionse a malirewo.

Mbali imene ambiri timaiiwala, makamaka amayi ndi anthu ogwira ntchito za mu ofesi, ndi yolimbitsa minofu, imene iyenera kuchitika masiku osachepera awiri pa sabata. Pano ndikufuna ndikhalitse pang'ono, chifukwa ambiri amaganiza kuti popanda zitsulo za ku jimu palibe chimene angachite. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye kuti chigubu cha malita 5 chimene mwagulira mafuta ophikira, mukachidzaza madzi, ndi chida chokwanira kwa woyamba kumene. Imani kutsogolo kwa mpando, mapazi motalikirana ngati mapewa anu, tsikani pang'onopang'ono ngati mukufuna kukhala, ndipo mukangokhudza mpandowo dzukani, zidendene zisachoke pansi. Pofuna kulimbitsa chifuwa ndi mikono, tsamizani manja pakhoma n'kumadzikankha, ndipo mukazolowera mudzatsikira pansi. Pofuna kulimbitsa msana, weramani dzanja limodzi litagwira benchi, msana uli wowongoka, n'kumakokera chigubu chija kunthiti. Chilichonse mwa izi muchite maulendo 8 mpaka 12, mupume mphindi imodzi, kenaka mubwerezenso kawiri. Musamange mpweya ponyamula, koma muziutulutsa pamene mukugwiritsa ntchito mphamvu, ndipo izi ndikuzinena motsindika kwa amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi.

Musanayambe, tenthetsani thupi kwa mphindi 5 mpaka 10 poyenda ndi pozunguza mikono. Mukamaliza, dziwongoleni minofu idakali yofunda, mbali iliyonse kwa masekondi 15 mpaka 30, popanda kudzigwedeza. Agogo athu a zaka 65 kupita m'tsogolo awonjezere masewera othandiza kuima mosadzandira masiku atatu pa sabata, monga kuima ndi mwendo umodzi atagwira mzati wa pakhonde, popeza kugwa kwa munthu wachikulire kukhoza kuthera pa fupa lothyoka.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi phuma. Mnyamata wakhala miyezi inayi osathamanga, wamva kuti kuli mpikisano wa mpira pa Khirisimasi, ndiye m'sabata imodzi akufuna kubweza zonse pothamanga mumchenga wa kunyanja m'mawa ndi madzulo, ndipo tsiku la masewera likamafika bondo latupa. Thupi limalimba likamapatsidwa ntchito yoposa pang'ono imene lazolowera, choncho onjezerani chinthu chimodzi pa nthawi, kaya ndi mphindi zisanu pa ulendo wanu, kaya ndi lita imodzi m'chigubu. Minofu imene mwailemetsa Lolemba muisiye ipume maola 48, chifukwa imakula pamene mukupuma ndi kugona, osati pamene mukunyamula. Gonani maola osachepera 7, ndipo pambali pa nsima, mpunga kapena kondowole pasasowe usipa, nyemba, mtedza kapena dzira.

Kuno kunyanja tilinso ndi nkhani ya kutentha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala chitani masewera anu dzuwa lisanakwere kapena litapendeka, mumwe madzi musanayambe ndiponso mukamaliza, ndipo mukaona mkodzo uli wachikasu kwambiri dziwani kuti madzi achepa m'thupi. Kusambira ndi masewera abwino kwambiri kwa amene mawondo amawavuta, koma pewani madzi odikha a m'mabango mmene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, komanso malo amene mitsinje imathirira m'nyanja chifukwa cha ng'ona. Thupi likatentha ngati malungo, siyani masewera mukayezetse kaye. Amene muli ndi matenda a shuga, a mtima kapena muli oyembekezera, kambiranani ndi achipatala musanayambe, ndipo aliyense amene wamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kosazolowereka aleke pomwepo n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.